Masamba a Ambuya ndi Cimanga ca Amai Aja

Mu October caka ca 2024, masana dzuwa likuswa mtengo, kunabwera amai ena acikulire ku wailesi kumene ndimathandizako kuulutsa pulogalamu ya alimi. Anakana mpando. Anamasula mfundo ya citenje cao natulutsa kapulasitiki, ndipo anandifunsa kuti, “Kodi ndinu amene munakamba za masamba a nimu mwezi wa May?”

Ndinavomera mokondwa, poganiza kuti abwera kudzayamika. Iwo anakhuthulira za m’kapulasitiki pa thebulo. Cinali cimanga, koma njere iliyonse inali ndi bowo, pansi panali ufa wotuwa, ndipo anankafumbwe anayamba kuyenda pa mapepala anga.

“Ndinacita monga munakambira, mwananga. Onani.”

Mukukumbukira mmene caka cija cinalili. Mvula inadula cimanga cisanakhwime, ndipo kumapeto kwa February a Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse. Amene anakololako pang’ono anali aja okhala ndi munda kudambo. Amai awa anapeza matumba anai cabe, ndipo pakhomo pao panali adzukulu. Ndalama ya mankhwala a fumbi analibe. Atamva pa wailesi kuti masamba a nimu amathamangitsa anankafumbwe, anathyola masamba aawisi, anawaponya m’matumba, anasoka ndi kuunjika matumbawo pakona ya nyumba. Sanawatsegulenso, cifukwa anali kudya kaye cotsalira ca m’dengu ndi maungu ofutsa. Pamene anamva matumba akulira usiku ngati mvula yowaza, awiri anali atafumbwa kwambiri.

Mau amene ndinakamba pa wailesi sanali abodza, koma anali osakwanira. Ndinawatenga pa kapepala kamene ndinawerenga mothamanga, n’kuphatikizapo zimene ndinali kukumbukira za ambuya anga ndili mwana. Nkhani yonse inatenga mphindi imodzi. Sindinakambe zoumitsa cimanga kapena masamba, sindinachule muyeso, ndipo sindinanene kuti thumba lifunika kulitsegula ndi kuliona. Ndinapepesa, koma kupepesa sikudzaza thumba. Amaiwo anati, “Sindinabwere kudzakangana. Ndabwera kuti mukakambenso bwino, pakuti si ine ndekha ndinamvera.”

Paja amati safunsa anadya phula. Ine phulalo ndinadyetsa munthu wina. Pa Ciweru cotsatira ndinakwera basi kupita kumudzi kwathu ku Katete, kwa ambuya obala amai anga, amene sindinawaonepo akugula mankhwala a fumbi koma nyemba zao zambeu zimafika nyengo yobyala zili zosalala.

Nditawafotokozera, anaseka mpaka kutsokomola. Kenaka nkhope inasintha. “Iwe, unauza anthu kuti aike masamba aawisi m’cimanga? Tsamba laliwisi ndi madzi. Waika madzi m’thumba, ndiye ufuna ciani?” Ndinati sindinanene kuti aawisi. Iwo anati, “Nanga unanena kuti ouma?” Ndinakhala cete.

Tsiku lonselo ndinali mwana wa sukulu. Cinthu coyamba cimene anandionetsa sanali masamba ai. Anatenga njere ya cimanga nailuma, ndipo inasweka ndi phokoso louma. Anati cimanga cimene cimangophwanyika mwakacetecete pa dzino sicinaume, ndipo cotero ngakhale uthiremo mankhwala a m’sitolo cidzaonongeka. Alangizi a zaulimi amaphunzitsa njira ina yofanana nayo: kuika cimanga codzaza dzanja m’botolo louma pamodzi ndi mcere wouma, kukhuchumula ndi kusiya kanthawi. Mcere ukamamatira m’mbali mwa botolo, cimangaco cikali ndi cinyezi. Cimanga cosunga cifunika kuuma kufika pa 13 peresenti kapena kutsikirapo, ndiye cifukwa cake a FRA amapima cinyezi asanagule. Cinyezi cimafewetsa njere kuti tizilombo tiboole mosavuta, ndiponso cimaitana cuku, cimene nthawi zina cimabala poizoni wa aflatoxin amene satha ngakhale muphike.

Caciwiri cinali tsace. Ambuya amasesa nkhokwe ndi cipinda cosungiramo zokolola, amaocha zinyalala zake, ndipo matumba akale amawatembenuza, kuwakung’untha ndi kuwaviika m’madzi otentha. Cimanga catsopano sicikumana ndi cakale. Anati nankafumbwe wa caka catha amabisala m’msoko wa thumba ndi m’ming’alu ya cipupa kudikira zokolola zatsopano.

Pambuyo pake mlangizi wa kudera lathu anandithandiza kumvetsa cifukwa cake zinthu ziwirizi zimayamba masamba asanabwere. Nankafumbwe wamkazi amaboola njere ndi kamlomo kake kotalika, amaikiramo dzira, ndipo amatseka bowolo. Mphutsi imaswera mkati, imadyera mkati, imakulira mkati, ndipo nyengo yotentha pamangopita pafupifupi mwezi umodzi kuti ituluke ili nankafumbwe wamkulu. Wamkazi mmodzi amaikira mazira mazana angapo pa moyo wake. Ndiponso tizilomboti timauluka, motero timalowa m’cimanga cikali kumunda, makamaka cimene makoko ake safika kunsonga. Ndiye kuti pamene mukusoka thumba, mwina mdani ali kale mkati mwa njere, kumene ufa wa masamba sufika. Masamba amagwira nchito pa nankafumbwe amene ali kunja kwa njere: ena amamuthamangitsa ndi fungo, ena amamuletsa kudya ndi kuikira mazira, ena amamupha akawakhudza. Ambuya anakamba zomwezi m’mau ao: “Masamba ndi mlonda wa pakhomo. Mbala imene yagona kale m’nyumba mlonda saiona.”

Apa ndi pamene ndinamvetsanso cifukwa cake akuluakulu amati kale cimanga sicinali kufumbwa monga lero. Cimanga camakolo cili ndi njere zolimba ndi makoko otseka bwino, pamene mitundu yambiri ya haibulidi ili ndi njere zofewa. Kuonjezera apo kunabwera mlendo. Kacilombo kamene alangizi amakacha LGB kanacokera ku Central America, kanafika ku Tanzania ca kumapeto kwa zaka za m’ma 1970, ndipo kuno ku Zambia kanaoneka mu 1993 ku Nakonde. Kalibe mlomo wotalika monga nankafumbwe. Mutu wake umabisala pansi, thupi ndi lobulungira, ndipo kamaboola ngakhale mitengo ya nkhokwe ndi cinangwa couma. Kamakonda cimanga cosatonola, ndipo kamasiya ufa wambiri. Ufa wa masamba umacepa mphamvu pa kacilombo aka, ndiye amene akaona ufa woculuka ndi mabowo m’mitengo ya nkhokwe asacedwe ndi masamba. Atonole cimanga ndi kufunsa mlangizi.

Tsopano tibwere ku masambawo. Ambuya ali ndi mitundu ingapo, ndipo uliwonse uli ndi malo ake.

Nimu ndi mtengo wocokera ku India umene umakula bwino kumalo otentha monga kucigwa ca Luangwa. Mphamvu yake, imene ophunzira amaicha azadirachtin, imakhala yambiri m’njere kuposa m’masamba. Imacititsa kacilombo kusafuna kudya ndipo imasokoneza kakulidwe kake. Sikupha pomwepo monga mankhwala a m’sitolo, ndiye munthu wofuna kuona anankafumbwe atagwa m’mawa mwake amakhumudwa. Cenjerani ndi mtengo wina wofanana nao umene ambiri amaucha indiya. Nimu ali ndi maluwa oyera, pamene uwu uli ndi maluwa ofiirira motuwa, ndipo zipatso zake ndi poizoni kwa ana ndi nkhumba.

Mthuthu, umene ena amati ombwe ndipo anzathu a Cibemba amati ububa, ndi citsamba cimene ambiri kuno kum’mawa anacidziwa kudzera mwa ofufuza a ku Msekera, pafupi ndi Chipata, amene anali kulimbikitsa kucibyala m’minda yogonera kuti nthaka ibwerere. Dzina lake la m’mabuku ndi Tephrosia vogelii. Masamba ake ali ndi mankhwala a mtundu wa rotenone, omwe aja amene amapha nsomba akawathira m’madzi. Pa masamba onse a ambuya awa ndiwo amphamvu, ndipo pa cifukwa comweco amawalemekeza. Amawaika m’mbeu yobyala ndi pa matumba, ndipo madzi otsukira zipangizo sawataya pafupi ndi mtsinje kapena citsime. Ofufuza anapezanso kuti mthuthu ulipo wa mitundu iwiri yooneka mofanana, wina wokhala ndi mankhwala aja ndi wina wopanda. Ici ndi cimodzi mwa zifukwa zimene mlimi wina amautamanda pamene mnzake amati ndi bodza. Ngati mufuna mbeu yake, tengani kwa munthu amene mthuthu wake unamugwirira nchito.

Canzi, kacitsamba konunkhira kamene timamwa ngati tiyi tikadwala cimfine, kamathamangitsa tizilombo ndi fungo. Ambuya amayala nthambi zake zouma pansi pa matumba ndi pakati pake. Ubwino wake ndi wakuti si koopsa pa cakudya, koma fungo limatha, ndipo likatha nchito yathanso. Tsabola wouma wosinja amamuika mu nyemba ndi kayera, koma posinja amamanga kansalu pamphuno, pakuti amaocha maso ndi cifuwa. Palinso bwazi, mtengo wa maluwa ofiirira umene mizu yake imanunkhira ngati mankhwala opaka munthu akabinya. Mizuyo imagwira nchito, koma ndi yoopsa kuimwa, ndipo kukumba mizu kumapha mtengo. Ambuya analeka kuugwiritsa nchito ataona kuti m’chire la kwathu mwatsala mitengo yowerengeka.

Ndipo pali phulusa, makamaka la zitsononkho. Ilo siligwira nchito ndi fungo. Limatseka mipata pakati pa njere kuti kacilombo kalephere kuyenda, ndipo limakanda khungu lake mpaka kataye madzi ndi kuuma. Lifunika lambiri, motero limayenera m’mbeu zocepa monga nyemba za mumphika, osati matumba makumi awiri.

Kakonzedwe kake ndi komwe ine ndinasiya pa wailesi. Masamba amathyoledwa okhwima, amayanikidwa pamthunzi pamene mphepo ipita, osati padzuwa, cifukwa dzuwa limaononga mphamvu ya nimu ndi mthuthu. Akauma mpaka kufumbutuka m’manja amasinjidwa mumtondo, amasefedwa, ndipo ufawo umasungidwa m’cigubu cotseka kumalo amdima. Posakaniza, ambuya amakhuthulira ndowa imodzi ya cimanga pa mphasa, amawazapo ufa wa nimu wodzaza manja awiri, ndipo amavundula mpaka njere iliyonse isinthe mtundu. Uwu ndi muyeso wao, umene anaupeza ndi zaka. Cimene cinandigwira mtima ndi cakuti ali nao muyeso, ndipo sasintha. Kuponya masamba asanu pamwamba pa thumba la 50 kg ndi kudzinamiza cabe.

Njira ina imene anandionetsa ndi ya madzi. Amasinja masamba a mthuthu kapena nimu, amawaviika m’ndowa usiku wonse ndi kacidutswa ka sopo, m’mawa amasefa ndi nsalu, ndipo m’madzi obiriwirawo amaviikamo matumba opanda kanthu. Matumbawo amaumitsidwa pamthunzi mpaka aume gwa asanalowemo cimanga. Mwa njira iyi mankhwala amakhala pa thumba, pamene nankafumbwe wocokera kunja amayamba kutera, ndipo salowa kwambiri m’cakudya. Madzi otsala amawaza m’zipupa ndi pa mitengo yoikapo matumba, pakuti thumba siligona pansi kapena kutsamira cipupa.

Cotsiriza ndi cimene amai aja sanauzidwe: kubwerako. Mphamvu ya masamba imatha m’miyezi iwiri kapena itatu. Ambuya amapisa dzanja m’thumba masabata awiri alionse, amamvera ngati mkati mwatentha, amanunkhiza, ndipo amapeta pang’ono pa licero kuona ngati mugwa ufa. Akaona anankafumbwe amakhuthula cimanga, amaciyanika copyapyala padzuwa la masana, amapeta, nathira ufa watsopano. Popita kucigayo amapetanso, ndipo cimene cinakhudzana ndi masamba owawa amacitsuka kapena kucikonola.

Ndinawafunsa za fodya, cifukwa omvera ena amauchula. Anapukusa mutu. Fodya amapha tizilombo, koma poizoni wake ndi woopsa kwa munthu, ndipo m’cakudya salowa. Apa ndionjezeko zimene alangizi amacenjeza caka ndi caka: mankhwala opopera thonje si a cimanga cakudya, ndipo mapiritsi aja otulutsa mpweya sayenera kuikidwa m’nyumba yogonamo anthu, pakuti mpweya wake umapha. Tileke kuganiza kuti ciliconse cocokera ku mtengo ndi cabwino, kapena kuti ciliconse ca m’sitolo cimayenera paliponse.

Caka ca 2025 mvula inagwa bwino, ndipo ndinaganiza zoyesa ndekha ndisanatsegulenso pakamwa. Mu June ndinatenga cimanga ca m’munda umodzi, couma bwino, ndipo ndinacigawa m’matumba anai ang’onoang’ono. Loyamba sindinaikemo kanthu. Laciwiri ndinaponyamo masamba ouma a nimu osasinja. Lacitatu ndinatsata zonse za ambuya: thumba loviika mu mthuthu, ufa wa nimu wopima, ndi kuthiranso mu September. Lacinai linali thumba losalowa mpweya la PICS, lija la mapulasitiki awiri mkati ndi saka kunja, limene linapangidwa ndi ofufuza a yunivesite ya Purdue ku America. M’thumba lotere tizilombo timatha tokha mpweya ndi kufa, malinga lisabooke ndipo limangidwe bwino.

Uku sikunali kufufuza kwa akatswiri, kunali kuyesa kwa pakhomo cabe, koma maso anga anaona. Pofika October loyamba linali kulira usiku. Laciwiri linacedwako pang’ono, koma mu November linafanana ndi loyamba. Lacitatu linali ndi anankafumbwe apa ndi apo, njere zoboola zinalipo, koma tinadya nsima yake mu January popanda fungo. Lacinai nditalitsegula linali monga tsiku lomwe ndinalimanga.

Ndiye kodi masamba ndi acabe, popeza thumba la pulasitiki linapambana? Ine sinditero. Thumba lija lifuna ndalama pa nthawi yokolola, pamene ndalama ya sukulu, ya ngolo ndi ngongole ya feteleza zonse zimakumana. Silipezeka m’sitolo iliyonse ya kumudzi, ndipo khoswe akaliboola nchito yatha. Mankhwala a fumbi monga Actellic amagwira nchito akakhala enieni ndi opima bwino, koma nawonso ndi ndalama. Banja limene lilibe zonsezi limakakamizika kugulitsa cimanga mu May pa mtengo wogwa poopa kuti cifumbwa, ndipo mu January limagulanso cimanga comweco pa meda, mtengo utakwera. Kwa banja lotere, miyezi itatu kapena inai imene masamba okonzedwa bwino angaonjezere ndi nkhani ya nsima ya ana. Ku nyumba kwanga tsopano timacita motere: cimanga cimene tidzadya coyamba timacisunga ndi masamba, ca nyengo ya njala timaciika m’matumba osalowa mpweya, ndipo mbeu ya nyemba ili mumphika wa phulusa womata pakamwa.

Cimene ndinaphunzira ndi cakuti nzeru ya ambuya sinali m’tsamba lokha. Inali m’dzino lolumira njere, m’tsace, m’manja opima, ndi m’cizolowezi cobwerera ku thumba. Ife a m’badwo uno timalakwa pawiri. Ena timaseka masamba kuti ndi zacikale. Ena timawatamanda mopitirira, n’kumauza anthu dzina la mtengo popanda nchito yake yonse. Ine ndinali m’gulu laciwiri, ndipo mtengo wa kulakwa kwanga analipira ndi munthu amene analibe cosinthira.

Pulogalamu ija tinaibwereza. M’malo mwa mphindi imodzi tinatenga masabata atatu, mlangizi ali nafe, ndipo mau a ambuya ndinawajambula pa foni ndi kuwaulutsa. Anthu anaimba ambiri. Atate ena anati kwao amagwiritsa nchito masamba a bulugamu, amai ena anafunsa ngati ufa wa nimu suwawitsa nsima, ndipo tinawayankha kuti umawawitsa ngati simupeta ndi kutsuka. Pomaliza pa pulogalamu iliyonse ndinali kubwereza kuti: umitsani, sesani, pimani, ndipo bwereraniko.

Amai aja ndinapita kukawaona mu July caka catha, nditanyamula ndowa ya cimanga ndi kabotolo ka mbeu ya mthuthu wa ambuya. Ndowa imodzi siingabweze matumba awiri, ndipo iwo ndi ine tinadziwa zimenezo. Analandira ndi manja awiri. Kenaka anandilowetsa m’nyumba. Matumba anali pa mitengo, kutali ndi cipupa, ndipo pakona panali cigubu ca ufa wobiriwira. Anamasula thumba limodzi, anatapa njere nandipatsa.

“Lumani, mwananga,” anatero. “Muone ngati cauma.”